Nayo sikelo yoyezera mapulofesa iunikidwe

Aliyense amene adagulitsapo soya kapena mtedza kwa mavenda pa Jenda, pa Mponela kapena pa Lizulu amadziwa kuti mkangano wa pamsika umayambira pa sikelo. Mlimi amachoka kunyumba akudziwa kuti thumba lake ndi la makilogalamu 50, koma akalikoloweka pa sikelo ya pansi pa mtengo, muvi umakaima pa 44. Anthu amaikhulupirira sikelo chifukwa silankhula ndipo sidziwa mtundu wa munthu. Chimene amaiwala n'chakuti sikelo ili ndi mwini wake, ndipo mwini wakeyo ndiye amadziwa pamene adaikhudza.

Anthu ophunzira kwambiri nawo ali ndi sikelo yawo. Makolo amene amagulitsa mbuzi kuti mwana akafike ku Zomba, ku Bunda kapena ku Mzuzu mwina sadamvepo za sikeloyi, koma m'mayunivesite ambiri padziko lapansi ndi imene imathandiza kugamula kuti mphunzitsi akwezedwe kukhala pulofesa kapena adikire kaye, apatsidwe ndalama za kafukufuku kapena amanidwe. Poti ndalama zoyendetsera mayunivesite a boma zimachokera m'misonkho, nkhani ya sikeloyi ikukhudza ngakhale mayi wogulitsa tomato amene amadula chiphaso cha msika m'mawa uliwonse.

Kayezedwe kake n'kotere. Katswiri akamaliza kafukufuku amalemba pepala lofotokoza zimene wapeza, n'kulitumiza ku magazini ya akatswiri anzake kuti aliunike ndi kulisindikiza. Kumapeto kwa pepala lililonse kumakhala mndandanda wa mapepala a anthu ena amene wolembayo adatsamirapo pa ntchito yake. Pepala la munthu likapezeka pa mndandanda woterowo, ndiye kuti latchulidwa kamodzi. Amene mapepala ake atchulidwa ka 3,000 amaoneka wolemera pa sikelo kuposa amene atchulidwa ka 30.

Amene adayambitsa kuwerenga kotereku ndi Eugene Garfield wa ku America. Iye adafotokoza ganizoli mu 1955, ndipo mu 1964 kampani yake ya mumzinda wa Philadelphia idayamba kutulutsa mabuku otchedwa Science Citation Index, osonyeza kuti ndani watchula yani. Cholinga chachikulu chidali kuthandiza ofufuza kulondola phazi la nkhani, kuti amene wawerenga pepala lakale adziwe amene adaipitiriza. Masiku ano ntchitoyi imagwiridwa ndi makompyuta kudzera pa Web of Science, Scopus ndi Google Scholar, ndipo aliyense amene ali ndi foni ya intaneti angathe kulemba dzina la pulofesa pa Google Scholar n'kuona kuti akulemera bwanji.

Mu 2005, Jorge Hirsch, katswiri wa fizikisi wa ku yunivesite ya California ku San Diego, adafinya zonsezi kukhala nambala imodzi yotchedwa h-index. Munthu amene ali ndi mapepala 10 ndipo lililonse latchulidwa kosachepera ka 10, nambala yake ndi 10. Kuti ifike pa 11, ayenera kukhala ndi mapepala 11 otchulidwa kosachepera ka 11 lililonse. Hirsch adaona kuti m'gawo lake la sayansi, munthu wofika pa 20 atagwira ntchito zaka 20 ndiye kuti zamuyendera, pomwe wofika pa 40 ndi katakwe.

Nambalayi idafala ngati moto wolusa kutchire, ndipo chifukwa chake n'chosavuta kumvetsa. Komiti yofunsa anthu ntchito ilibe nthawi yowerenga mapepala 60 a munthu mmodzi, makamaka ngati ofunsira alipo 40. Kuyang'ana nambala n'kwachangu. Komanso pano chilungamo chinenedwe: nambala imateteza mwana wa mlimi amene alibe malume ake m'komitimo. Kumene kulibe sikelo kumalamulira nkhope, chibale ndi kwawo kwa munthu, ndipo Amalawi safunika kuuzidwa mmene zoterezi zimapwetekera. Choncho amene akuti sikeloyi ingotayidwa kudzala akulakwitsa.

Vuto ndi kuiwala chimene sikeloyi imayeza. Imawerenga kuti ophunzira anzake amutchula kangati munthu, basi. Sinena ngati amamutchula pomuyamikira kapena pomudzudzula. Pamsika, dzina la wakuba wotchuka limamveka kawirikawiri kuposa la mzamba amene wathandiza amayi a m'deralo kwa zaka 30.

Mu 1998, dokotala wa ku Britain Andrew Wakefield ndi anzake adatulutsa pepala m'magazini ya The Lancet lokayikitsa katemera amene amateteza ana ku chikuku, ponena kuti mwina akugwirizana ndi vuto la ubongo lotchedwa autism. Zidadziwika pambuyo pake kuti kafukufukuyo adali wachinyengo. Magaziniyo idalichotsa pepalalo mu 2010 ndipo chaka chomwecho Wakefield adalandidwa chilolezo chogwirira ntchito ya udokotala. Koma pepalalo lidatchulidwa kambirimbiri, ambiri akulitchula polidzudzula, ndipo kompyuta yowerenga idangowonkhetsa zonse. Pa nthawiyi n'kuti makolo ambiri ku Britain ataleka kubayitsa ana awo, chikuku n'kuyambiranso.

Mbali inayo, pali ntchito zazikulu zimene sikelo idazipeputsa. Gregor Mendel, wansembe wa mumzinda wa Brno, adatha zaka akukwatitsa nsawawa m'munda wa nyumba ya ansembe, ndipo mu 1866 adasindikiza malamulo a mmene mbewu imatengera maonekedwe a makolo ake. Adamwalira mu 1884 anthu asakumulabadira. Ntchito yake idatulukiridwanso mu 1900, ndipo lero aliyense wopanga mbewu ya haibulidi amaponda m'mapazi ake. Akadakhala kuti adafunsira upulofesa pogwiritsa ntchito sikelo ya lero, fomu yake ikadathera pansi pa mulu.

Mu 2014 magazini ya Nature idatulutsa mndandanda wa mapepala 100 otchulidwa kwambiri m'mbiri ya sayansi. Loyamba lidali la Oliver Lowry ndi anzake la mu 1951, lofotokoza njira yoyezera mapuloteni mu labotale, lomwe lidali litatchulidwa koposa ka 300,000. Pepala la James Watson ndi Francis Crick la mu 1953, lofotokoza kapangidwe ka DNA, chinthu chimene chimachititsa mwana kufanana ndi makolo ake, silidapezeke pa mndandandawo. Zinthu zikadziwika ndi aliyense, anthu amaleka kutchula mwini wake, monga mmene palibe amene amatchula dzina la woyambitsa khasu akamapalira.

Tsono pali nkhani ya kukhudza sikelo. Mu 2010, Cyril Labbé, katswiri wa makompyuta wa ku Grenoble m'dziko la France, adapeka munthu wotchedwa Ike Antkare. Adagwiritsa ntchito kompyuta kulemba mapepala oposa 100 opanda mutu weniweni, onse otchulana okhaokha, n'kuwaika pa intaneti. Posakhalitsa munthu wosabadwayo adali ndi h-index ya 94 pa Google Scholar, kuposa Albert Einstein. Mu 2024 wophunzira wina wa ku yunivesite ya Northwestern ku America adachita zomwezo ndi dzina la mphaka wotchedwa Larry. Mphakayo adatchulidwa ka 132, nambala yake n'kufika pa 11, mpaka eni Google Scholar atazindikira n'kufufuta.

Amenewa adachita dala pofuna kuonetsa poboola pa thumba. Ena amachita mwakachetechete kuti akwezedwe. Alipo amene amadzitchula okha mopitirira muyeso, alipo magulu opangana kuti iwe unditchule ine ndikutchule, ndipo alipo amene amadula kafukufuku mmodzi kukhala timapepala tinayi ngati wogulitsa nyama yootcha amene akufuna kuti timagawo tichuluke. Kwabukanso magazini achinyengo amene amasindikiza chilichonse bola wolemba alipire. Mu 2013 mtolankhani John Bohannon adatumiza pepala labodza lodzala ndi zolakwika ku magazini 304, ndipo 157 adalivomera. Hirsch mwini wake adalemba mu 2020 kuti nambala yake ija ingathe kulephera koopsa ndi kubweretsa mavuto amene iye sadawaganizire.

Sikelo yachiwiri imayang'ana anthu amene katswiri amagwira nawo ntchito. Kompyuta imajambula chithunzi chonga ukonde wa kangaude: kadontho kalikonse ndi munthu, ndipo ulusi umalumikiza anthu awiri amene adalembapo pepala limodzi. Amene ali pakati pa ukondewo, ulusi wambiri ukuchokera kwa iye, amatengedwa kuti ndi nsanamira.

Akatswiri a masamu ndiwo adayamba kusewera ndi ganizoli polemekeza Paul Erdős wa ku Hungary, amene adabadwa mu 1913 n'kumwalira mu 1996. Mkuluyu adalibe khomo lokhazikika. Ankangoyenda ndi sutukesi, kugona kwa anzake a masamu m'maiko osiyanasiyana, ndipo adasiya mapepala pafupifupi 1,500 olembedwa pamodzi ndi anthu oposa 500. Amene adalemba naye ali ndi nambala 1, amene adalemba ndi m'modzi wa anthu amenewo ali ndi 2, choncho mpaka kutali. Einstein ali ndi 2. Kwa eni ake chidali chocheza chabe, koma lero kuyeza maubale otere kwasanduka ntchito yeniyeni ya mabungwe opereka ndalama ndi oika mayunivesite pa mndandanda.

Mutu umodzi susenza denga, ndipo sayansi ya masiku ano ndi denga lolemera zedi. Mu 2015 kudatuluka pepala la kafukufuku wa ku CERN pafupi ndi mzinda wa Geneva lokhala ndi maina a olemba 5,154. Mwa masamba ake 33, okwana 24 adali a maina okhaokha. Pepala lotere likatchulidwa kamodzi, aliyense mwa anthu 5,154 aja amalandira chake chathunthu. Sikelo siyitha kusiyanitsa amene adasenza mtanda wa denga ndi amene adangogwirako udzu.

Apa mpamene nkhaniyi ikufika pakhomo. Malawi ndi dziko laling'ono pa chuma, koma pa kafukufuku wa zaumoyo dzina lake limamveka kutali. Ku Chilumba m'boma la Karonga kwakhala kukuchitika kafukufuku wa khate ndi chifuwa chachikulu kuyambira mu 1979. Ku Blantyre kuli ntchito ya Malawi-Liverpool-Wellcome yomwe idayamba mu 1995, komanso ya yunivesite ya Johns Hopkins, pomwe ku Lilongwe kuli ya yunivesite ya North Carolina. Munthu atajambula ukonde wa ofufuza za umoyo m'dziko muno, ulusi wokhuthala ungaloze ku Liverpool, ku London, ku Baltimore ndi ku Chapel Hill.

Maubale amenewa abweretsa zabwino zooneka ndi maso: malabotale, maphunziro a madokotala achimalawi mpaka kufika pa digiri ya PhD, komanso mankhwala ndi akatemera oyesedwa pa matenda amene akupha anthu kuno. Wonyoza zimenezi ndi wosayamika. Koma pa pepala la zaumoyo malo amene dzina lakhala ali ndi tanthauzo. Dzina loyamba nthawi zambiri ndi la amene adagwira ntchito yaikulu ndi kulemba, lomaliza ndi la mkulu wotsogolera kafukufukuyo. Ena onse amakhala pakati, ndipo anthu potchula pepalalo amangoti uje ndi anzake.

Kafukufuku amene adatuluka mu 2019 m'magazini ya BMJ Global Health adaunika mapepala masauzande a zaumoyo wa anthu a mu Africa kumwera kwa Sahara. Adapeza kuti pamene ntchito yachitika mogwirizana ndi mayunivesite otchuka a ku America, eni dziko sakhala kawirikawiri pa malo oyamba kapena omaliza, amapanikizika pakati. Mapepala ena adalibiretu dzina la munthu wa m'dziko limene kafukufukuyo adachitikira. Ndiye kuti alendo adabwera, adatenga magazi ndi mayankho a anthu, n'kukwera ndege kukalemba kwawo.

Ndipo pali ena amene ngakhale pakatipo safikapo. Mu 2018 ana oposa 28,000 a ku Ndirande ndi ku Zingwangwa adatenga nawo mbali pa kuyesa katemera watsopano wa taifodi. Zotsatira zake zidatuluka mu 2021 m'magazini yotchuka ya New England Journal of Medicine, ndipo mu 2023 katemerayo adayamba kuperekedwa kwa ana m'dziko lonse. Ntchito yotere siyenda popanda anamwino, alangizi a zaumoyo oyenda khomo ndi khomo, aphunzitsi otsegula zipata za sukulu, mafumu ndi makolo ovomera kuti mwana abayidwe pamene mphekesera za opopa magazi zidali zisadazilale. Pa ukonde wa kompyuta uja anthu amenewa alibe kadontho.

Chodetsa nkhawa kwambiri ndi chimene sikeloyi imaphunzitsa mphunzitsi wachinyamata wa pa yunivesite. Iye si wopusa. Amaona kuti pepala lolembedwa ndi anthu a kunja, pa mutu umene opereka ndalama akuufuna, limatchulidwa msanga. Amaonanso kuti kafukufuku wa mmene asodzi a ku Nkhotakota angaumitsire usipa nthawi ya mvula, kapena wa chitopa chimene chimasesa nkhuku za m'mudzi chaka ndi chaka, angatchulidwe ndi anthu owerengeka chifukwa ku Boston kulibe amene akusowa tulo ndi usipa. Akafuna kukwezedwa, adziwa kolowera. Nthawi yokonzekera phunziro, yochonga mayeso mosamala ndi yokhala pansi ndi wophunzira amene zikumuvuta, pa sikeloyi imalemera ziro. Kholo limene lidagulitsa mbuzi lija ndilo limaluza.

Mbiri ya chimanga ikupereka phunziro. Kwa zaka zambiri alangizi ankalimbikitsa chimanga cha haibulidi, koma alimi ankachilima pang'ono chogulitsa ku Admarc, chakudya pakhomo n'kumadzalabe chamakolo. Ena ankati alimi ndi osamva. Amayi ndiwo ankadziwa chifukwa: haibulidi wa nthawiyo adali wofewa, akamukonola mumtondo ankanyenyeka, mphale yambiri n'kupita ku madeya, ndipo m'nkhokwe anankafumbwe ankamuthera msanga. Ofufuza a ku Chitedze, mothandizana ndi bungwe la CIMMYT, adamvera dandaulo la pamtondo, ndipo mu 1990 adatulutsa MH17 ndi MH18, mbewu zobereka ngati haibulidi koma za maso olimbirapo, zokonoleka bwino. Chaka chomwecho kudatulukanso mtedza wa CG7, umene dzina lake lidalowa m'kamwa mwa alimi ndi mavenda omwe.

Mayi amene adakonola MH18 n'kuona kuti mphale yatuluka yambiri sadalembe pepala lotchula amene adapanga mbewuyo. Adangouza mnzake kuchitsime, ndipo chaka chotsatira mnzakeyo adadzala. Kutchulidwa kwa mtundu umenewu kompyuta ya ku Philadelphia siikuona, komatu ndiko kudasintha zimene zimalowa mumphika.

N'chimodzimodzi kuchipatala. Mu 1989 Malcolm Molyneux, Terrie Taylor, Jack Wirima ndi mnzawo wina adasindikiza zimene adapeza pa ana 131 amene adakomoka ndi malungo a mu ubongo ku chipatala cha Queen Elizabeth. M'ntchito imeneyi mudachokera njira yoyezera kukula kwa chikomokere mwa mwana wosatha kulankhula, yotchedwa Blantyre Coma Score. Wachipatala amayang'ana mmene maso a mwana akuyendera, mmene akulirira ndi mmene akuchitira akamva kupweteka, n'kupereka nambala yoyambira 0 mpaka 5. Pepala limeneli lidatchulidwa kwambiri, zoona. Koma kutchulidwako ndi kadontho poyerekeza ndi maulendo amene dokotala wa ana mu Africa muno adaweramira pa bedi usiku n'kugwiritsa ntchito njirayi osalemba dzina la aliyense.

Mu 2011 dziko la Malawi lidachita chinthu chimene mabuku a nthawiyo sankanena. Poona kuti makina oyezera chitetezo cha m'thupi adali osowa m'zipatala za kumidzi, akuluakulu a zaumoyo adagamula kuti mayi aliyense woyembekezera kapena woyamwitsa amene ali ndi HIV ayambe kumwa ma ARV moyo wake wonse, osadikira kuyezedwa CD4. Njirayi idatchedwa Option B+. Maiko ena adatengera, ndipo pofika 2013 bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO lidaiika m'malangizo ake. Phindu la ganizo limeneli ndi ana amene adabadwa opanda kachilombo ndi amayi amene adakhala ndi moyo n'kuwalera. Kuwerenga kwa maina a m'mapepala kumagwira kambali kochepa ka nkhani yotere.

Palinso nkhani ya chiyankhulo. Nkhokwe zazikulu zowerengera kutchulidwa zimadalira kwambiri magazini a m'Chingerezi. Mu 2000 akatswiri a ku Centre for Language Studies ku Zomba adatulutsa Mtanthauziramawu wa Chinyanja, buku lomasulira mawu a chiyankhulochi m'chiyankhulo chomwecho. Mphunzitsi wa Chichewa akalitsegula pokonzekera phunziro, palibe kompyuta imene imalemba kuti latchulidwa. Momwemonso kabuku ka ulimi wa mbatata kolembedwa kuti mlimi awerenge yekha, kapena pulogalamu ya pa wailesi imene katswiri wafotokozamo kasungidwe ka mtedza kuti usachite chuku. Ophunzira a mbiri yakale ndi a malamulo nawo amalemba mabuku amene amatenga zaka, ndipo kuwayeza pa sikelo imodzi ndi a zaumoyo, amene amatulutsa mapepala angapo pa chaka ali m'magulu akuluakulu, kuli ngati kupima thonje ndi mchere pa ndowa imodzi n'kunena kuti thonje ndi lachabe.

Eni ake a sikeloyi kunja adayamba kale kuikayikira. Mu December 2012 akonzi a magazini a sayansi ndi akatswiri adakumana ku San Francisco n'kulemba chikalata chotchedwa DORA, chopempha kuti munthu asamayezedwe potengera kutchuka kwa magazini imene pepala lake latulukamo. Mu 2015 akatswiri a kawerengedwe kameneka adatulutsa mfundo 10 zodziwika kuti Leiden Manifesto. Yoyamba imati manambala azithandiza anthu oweruza, asawalowe m'malo, ndipo ina imapempha kuteteza kafukufuku wothandiza dera limene wachitikira. Ku Britain, kuyambira pa kauniuni wa mayunivesite wa mu 2014, yunivesite iliyonse imayenera kupereka umboni wa zimene kafukufuku wake wasintha kunja kwa mpanda wa sukulu, ndipo umboniwo uli ndi gawo lake pa ndalama zimene boma limapereka. Peter Higgs, amene adalandira mphotho ya Nobel mu 2013, adauza nyuzipepala ya The Guardian chaka chomwecho kuti m'kayezedwe ka masiku ano sakadalembedwa ntchito chifukwa ankalemba mapepala ochepa.

Zikadakhala zomvetsa chisoni kuti mayunivesite a m'dziko muno, amene achuluka chigawikireni yunivesite ya Malawi mu 2021, akakamire chovala chimene eni ake akuchivula. Mpikisano wofuna kuoneka pa mndandanda wa mayunivesite otchuka mu Africa ndi wokopa, ndipo njira yachidule yokwerera pamenepo ndi kuuza aphunzitsi kuti achulukitse mapepala. Chikomekome cha nkhuyu, m'kati muli nyerere.

Chofunika si chachilendo. Wofunsira upulofesa asankhe ntchito zake zisanu zimene amazinyadira, ndipo akatswiri a gawo lake, kuphatikizapo a kunja kwa sukulu yakeyo, aziwerenge ndithu mpaka kumapeto. Afotokoze chimene iye mwini adachita pa pepala lililonse la anthu ambiri: kodi funso la kafukufuku adabwera nalo ndi iye, kapena adangothandiza kupeza chilolezo ndi galimoto? Apereke umboni wa kumene ntchito yake idafika, kaya ndi mbewu imene alimi akudzala, ndondomeko imene unduna udasintha, kapena buku limene ana akuwerenga m'kalasi. Atchule ophunzira amene adawasula ndi kumene ali lero. Nambala ya h-index ikhalepo pa tebulo ngati mboni imodzi mwa zingapo, yothandiza kugwira komiti ikafuna kukondera.

Ena anena kuti umboni woterewu ndi wosavuta kukometsera, ndipo akunena zoona. Munthu angathe kudzitama kuti adasintha ulimi wa boma lonse pomwe adangochititsa msonkhano umodzi ku hotela ya kunyanja. Mankhwala ake ndi kufunsa. Ofesi ya zaulimi ya pa boma imadziwa mbewu zimene alimi akudzala, ndipo chipatala chimadziwa ndondomeko imene chikutsata. Kufufuza zoterezi kumatenga masabata angapo, pomwe upulofesa ndi wa moyo wonse.

Pa maubale ndi a kunja, makomiti amene amavomereza kafukufuku asanayambe, pamodzi ndi bungwe la National Commission for Science and Technology, ali ndi mpata wofunsa mafunso nthawi idakalipo. Ndani mwa Amalawi adzatsogolere kulemba, ndipo dzina lake lidzakhala pati? Magazi ndi mayankho a anthu zidzasungidwa kuti, ndipo wofufuza wa kuno akadzazifuna patapita zaka zisanu adzapempha kwa yani? Mafunso amenewa ndi opepuka ndalama zisanabwere. Galimoto zikafika ndi malipiro akayamba, pakamwa pamalemera.

Funso lina ndi la anthu amene adayankha mafunso aja. M'midzi yambiri ya m'dziko muno anthu adazolowera kuona anyamata ndi atsikana onyamula zikwama ndi matabuleti, akufunsa kuti pakhomo pano mumadya kangati, ana alipo angati, mudagona m'masikito usiku wathawu. Gogo amasiya ntchito yake, n'kuyala mphasa, n'kuyankha kwa ola lathunthu. Mayankho ake amakasanduka pepala ku London, pepalalo n'kutchulidwa ka 200, wina n'kukwezedwa. Pa fomu yofunsira upulofesa payenera kukhala mzere wofunsa tsiku limene wofufuzayo adabwerera kumudzi kuja kukauza anthu, m'chiyankhulo chawo, zimene adapeza, ndi dzina la mfumu imene idaitanitsa msonkhanowo.